Mbiri ya Malemu Dr. J. E. Kwegyir Aggrey

Mamembala a Bungwe lathu ayenera kudziwa moyo wa munthu uyu. Aggrey anabadwa m'chaka cha 1875 ku Anomabu, m'dziko la Gold Coast, limene lero litchedwa Ghana, ndipo anali wa fuko la Afante. M'chaka cha 1898 anapita ku America kukaphunzira pa Livingstone College, kumene anthu anangomuona monga munthu wakuda, osafunsa za fuko lake kapena makolo ake. Koma iye sanachite manyazi ndi khungu lake, ndiponso sanadane ndi Azungu.

M'chaka cha 1924 anafika kuno, m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, pamodzi ndi nthumwi za Phelps-Stokes, zimene zinadzaona za maphunziro. Chiphunzitso chake chinali fanizo la limba: nyimbo yokoma ifuna mabatani akuda ndi oyera pamodzi. Fanizoli lili pa chizindikiro cha sukulu ya Achimota, imene iye anathandiza kukhazikitsa.

Anamwalira ku New York m'chaka cha 1927. Ife amene tisiyana mafuko m'boma lino, Achewa, Angoni ndi Ayao, tiganizire bwino fanizo lake pamene tisankha atsogoleri a Bungwe.