William Robertson Smith, Mphunzitsi wa Chihebri

Anzanga a pasukulu, ndikufuna ndikuuzeni za William Robertson Smith, amene anabadwira ku Scotland mu 1846. Ali ndi zaka 23 zokha anayamba kuphunzitsa Chihebri pakoleji ya mpingo wa Free Church ku Aberdeen. Mu 1875, chaka chimene mpingowu unatumiza amishoni a Livingstonia kuno kwathu, iye analemba mu Encyclopaedia Britannica kuti buku la Deuteronomo linalembedwa Mose atamwalira kalekale. Atamuzenga mlandu zaka zingapo, mpingo unamuchotsa ntchito mu 1881. Koma Chikhristu sanachisiye. Anakaphunzitsa Chiarabu ku Cambridge, komwe anamwalirira mu 1894.

Masiku ano makoleji ambiri a zaubusa amafufuza Baibulo monga ankachitira iyeyo. Ine, pokhala wogwira ntchito m'boma, ndimamupatsa ulemu chifukwa analolera kutaya mpando kusiyana ndi kubisa zimene anapeza.