Dag Hammarskjöld: Mlembi Wamkulu Amene Adafera ku Ndola

Kumadzulo kwa mzinda wa Ndola, m'dziko la Zambia, kuli malo a chikumbutso ozingidwa ndi mitengo. Kumeneko ndi kumene pa 18 Sepitembala 1961, pakati pa usiku, kudagwa ndege imene idanyamula anthu 16. Mmodzi mwa anthuwo adali Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, amene adali pa ulendo wokaletsa nkhondo ya m'dziko la Congo. Ophunzira ambiri amalidziwa dzinali chifukwa chongoliloweza pokonzekera mayeso, komatu moyo wa munthu ameneyu ngwoyenera kuulingalira mofatsa, popeza mwambo wotumiza asilikali osungitsa mtendere m'maiko mmene muli nkhondo udakhazikika m'manja mwake.

Dag Hammarskjöld adabadwa pa 29 Julayi 1905 mu mzinda wa Jönköping ku Sweden, ndipo adali mzime m'banja la ana aamuna anayi. Bambo ake, a Hjalmar Hammarskjöld, adali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1914 mpaka 1917, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Iwo adaumirira kuti Sweden asalowe mbali iliyonse m'nkhondoyo, ndipo chakudya chitayamba kusowa anthu adawada kwambiri mpaka adatula pansi udindo. Mwanayo adakula akuona ndi maso ake kuti wotumikira anthu amasenza mnyozo pamodzi ndi ulemu. Adaphunzira za chuma ndi za malamulo pa sukulu ya ukachenjede ya Uppsala. Mu 1936 adakhala mkulu mu unduna wa za chuma, kuyambira 1941 mpaka 1948 adali wapampando wa banki yaikulu ya dzikolo, ndipo mu 1951 adalowa m'gulu la nduna za boma ngakhale kuti sadali wa chipani chilichonse. Sadakwatire moyo wake wonse. Nthawi yake yopuma ankaithera pokwera mapiri a kumpoto kwa dziko lake ndi powerenga ndakatulo.

Kuti timvetse ntchito imene adaisenza, tiyenera kukumbukira mmene bungwe la United Nations lidaumbidwira mu 1945. Nkhani za nkhondo ndi mtendere zidapatsidwa ku Khonsolo ya Chitetezo, mmene maiko asanu, America, Britain, France, China ndi Soviet Union, adali ndi mipando yosachoka, ndipo lililonse mwa iwo lidali ndi mphamvu yokaniza chigamulo ngakhale ena onse atagwirizana. Popeza America ndi Soviet Union adali pa udani waukulu, khonsoloyo kawirikawiri inkangomangika manja. Mlembi Wamkulu woyamba, Trygve Lie wa ku Norway, adatula pansi udindo mu 1952 chifukwa Soviet Union idaleka kulankhula naye pa nkhani ya nkhondo ya ku Korea. Tsono maiko akuluakulu adafuna munthu wofatsa, wa mu ofesi, amene sakadawavutitsa, ndipo adaganiza kuti amupeza mwa Hammarskjöld. Adamusankha mu Epulo 1953 ali ndi zaka 47.

Sipadapite nthawi yaitali, zidaoneka kuti kufatsa kwake sikudali kufooka. Mu Januwale 1955 adapita yekha ku Peking kukalankhula ndi nduna yaikulu Zhou Enlai za oyendetsa ndege a ku America amene adagwidwa pa nkhondo ya ku Korea. Ulendowu udadabwitsa ambiri chifukwa boma la Peking silidali ndi mpando ku United Nations masiku amenewo. Iye adafotokoza kuti malamulo a bungwelo amapatsa Mlembi Wamkulu udindo wolankhula ndi boma lililonse pamene mtendere uli pa ngozi. Adabwerera opanda akaidiwo ndipo ena adamuseka, koma kuona maso a nkhono nkudekha: pofika Ogasiti chaka chomwecho onse 15 adali atamasulidwa.

Ntchito imene amakumbukiridwa nayo koposa idadza mu 1956. Mtsogoleri wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, atalanda ngalande ya Suez kuti ikhale m'manja mwa boma lake, Israel adathira nkhondo dzikolo pa 29 Okutobala, ndipo Britain ndi France adatsatira. Khonsolo ya Chitetezo idalephera kuchitapo kanthu chifukwa maiko awiriwo adakaniza chigamulo, motero nkhaniyo idapita ku Msonkhano Waukulu wa maiko onse. Kumeneko nduna ya za kunja ya Canada, Lester Pearson, idapereka maganizo akuti pakhale gulu la asilikali a United Nations loima pakati pa omenyanawo. Hammarskjöld adapatsidwa masiku awiri okha kuti alembe dongosolo la chinthu chimene chidali chisanachitikepo. Pa 15 Novembala asilikali oyamba adatera ku Egypt, ndipo pambuyo pake adafika pafupifupi 6,000, ochokera m'maiko khumi monga India, Brazil, Sweden ndi Yugoslavia, atavala zipewa za buluu kuti azidziwika.

Mfundo zimene adakhazikitsa pa nthawiyo ndizo zidasanduka maziko a ntchito yosungitsa mtendere. Asilikali sayenera kulowa m'dziko popanda chilolezo cha eni dziko, sayenera kukondera mbali, ndipo sayenera kuwombera mfuti pokhapokha podziteteza. Adaonjezanso kuti asilikaliwo asachokere m'maiko asanu amphamvu aja. Nzeru yake idali yakuti Britain ndi France apeze khomo lotulukira popanda kuchita manyazi, ndipo adatulukadi chaka chisanathe. Koma mphamvu ya njirayi idali ndi malire. M'masabata omwewo asilikali a Soviet Union adapondereza anthu a ku Hungary, ndipo Mlembi Wamkulu sadathe kuchitapo kanthu. Ngakhale gulu la ku Suez lomwe lidachoka mu 1967 Nasser atachotsa chilolezo chake, ndipo nkhondo idabukanso.

Kumapeto kwa 1959 Hammarskjöld adayamba ulendo wa masabata asanu ndi limodzi m'maiko 21 a mu Africa. Adabwerako atatsimikiza mtima kuti maiko amene ankalandira ufulu akadasanduka bwalo lomenyeranapo maiko akuluakulu ngati bungwe lake silikadafulumira kuwathandiza, pakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Mu 1960 mokha maiko 16 a mu Africa adalowa m'bungwelo. Chaka chomwecho apolisi a ku South Africa adapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo Khonsolo ya Chitetezo idamutuma kukalankhula ndi boma la tsankho. Mu Januwale 1961 adakumana ndi Hendrik Verwoerd koma sadaphule kanthu. Chiletso chokakamiza maiko onse kuti asagulitse zida ku South Africa chidadza mochedwa, mu 1977.

Mtolo wolemera koposa udali wa Congo. Dzikolo lidalandira ufulu kuchokera kwa Belgium pa 30 Juni 1960, koma patangopita masiku ochepa asilikali adaukira akuluakulu awo achizungu, Belgium idatumiza asilikali ake, ndipo pa 11 Julayi Moïse Tshombe adalengeza kuti chigawo cha Katanga chadzipatula. Katanga ndiye adali nkhokwe ya dzikolo chifukwa cha migodi ya mkuwa ndi miyala ina, imene idali m'manja mwa kampani ya Union Minière. Pulezidenti Joseph Kasavubu ndi nduna yaikulu Patrice Lumumba adapempha thandizo. Hammarskjöld adaitanitsa yekha Khonsolo ya Chitetezo, ndipo pa 15 Julayi asilikali oyamba adatera ku Léopoldville. Gululo lidakula mpaka pafupifupi asilikali 20,000, ambiri ochokera ku Ghana, Tunisia, Morocco, Ethiopia ndi India.

Apa ndi pamene mfundo za ku Suez zidakumana ndi mayeso aakulu. Lumumba ankafuna kuti asilikaliwo agonjetse Katanga ndi mfuti, popeza boma lovomerezeka lidali lake ndipo ndiye adawaitana. Hammarskjöld adakana ponena kuti United Nations siyenera kumenyera nkhondo mbali imodzi pa mkangano wa m'kati mwa dziko. Mu Ogasiti adalowa ku Élisabethville ndi asilikali a ku Sweden nakambirana ndi Tshombe popanda nthumwi ya Lumumba, ndipo kuyambira pamenepo anthu awiriwa sadakhulupiriranenso. Lumumba adatembenukira kwa Soviet Union. Mu Sepitembala Kasavubu adamuchotsa pa udindo, akuluakulu a United Nations adatseka mabwalo a ndege ndi nyumba ya wailesi, zimene zidapweteka Lumumba koposa adani ake, ndipo Joseph Mobutu adalanda boma. Lumumba atagwidwa mu Disembala, asilikali a United Nations sadamulanditse, ndipo pa 17 Januwale 1961 adaphedwa ku Katanga. Ili ndi banga limene olemba mbiri ambiri a mu Africa salikhululuka, ndipo wowerenga woona mtima sayenera kulilumpha.

Wolanditsa ndewu amalandira zibakera za mbali zonse. Mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, adaima pa Msonkhano Waukulu mu 1960 nafuna kuti Hammarskjöld achoke, ndi kuti udindo wake ugawidwe kwa anthu atatu oimira magulu atatu a maiko. Pa 3 Okutobala iye adayankha kuti bungwelo lidakhazikitsidwa makamaka chifukwa cha maiko ang'onoang'ono osowa chitetezo, ndi kuti adzakhalabe pa mpando malinga ngati maiko amenewo akumufuna. Nthumwi zambiri zidaimirira ndi kumuwombera m'manja. Mbali inayo, Belgium, France ndi Britain ankamuona ngati woononga chuma chawo, ndipo nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Roy Welensky, idali bwenzi la Tshombe.

Pa 13 Sepitembala 1961 nkhondo idabuka pakati pa asilikali a United Nations ndi a Katanga, amene ankathandizidwa ndi asilikali aganyu achizungu. Hammarskjöld, amene adafika ku Léopoldville tsiku lomwelo, adaganiza zokakumana ndi Tshombe ku Ndola, ku Northern Rhodesia, kuti akagwirizane zoleka kumenyana. Adanyamuka madzulo a pa 17 Sepitembala pa ndege yotchedwa Albertina, imene idazungulira njira yaitali popewa ndege ya nkhondo ya Katanga. Idadutsa pamwamba pa bwalo la Ndola, idakhota kuti itere, koma sidaonekenso. Akuluakulu a boma adafika pa malo a ngozi masana, patapita maola ngati 15, ngakhale kuti padali pafupi ndi mzinda. Mmodzi yekha, Harold Julien, ndiye adapezeka wamoyo, koma adamwalira patapita masiku ochepa.

Kafukufuku wa boma la Chitaganya adaloza chala oyendetsa ndege, pamene wa United Nations mu 1962 sadagamule chimene chidagwetsa ndegeyo. Anthu akuda a m'deralo, ena mwa iwo ootcha makala, adachitira umboni kuti adaona ndege yachiwiri ndi moto mumlengalenga, koma atsamunda sadaulabadire umboni wawo. Nkhaniyo idatsegulidwanso patapita zaka zoposa 50, ndipo mu 2017 Mohamed Chande Othman, amene adakhalapo mkulu wa oweruza ku Tanzania, adauza United Nations kuti nzotheka ndithu kuti ndegeyo idachita kuukiridwa. Adadandaulanso kuti maboma ena sadatulutse zikalata zonse zimene akusunga.

Hammarskjöld adaikidwa m'manda ku Uppsala. Mu Disembala 1961 adapatsidwa mphotho ya mtendere ya Nobel atamwalira kale, pa mwambo womwewo umene Albert Luthuli wa ku South Africa adalandirira yake. Mu 1963 mudatuluka buku la malingaliro ake a mseri, lotchedwa Vägmärken, limene lidaonetsa kuti munthu amene ankaoneka wouma mtima pa ntchito adali wopemphera ndi wosungulumwa kwambiri. Chaka chomwecho kudzipatula kwa Katanga kudatha, koma kudatha ndi mfuti, njira imene iye adayesetsa kuipewa.

Funso limene lidamusautsa silidathe ndi imfa yake: kodi asilikali a mtendere angakhale bwanji osakondera pamene mbali imodzi ikupha anthu osalakwa? Ku Rwanda mu 1994 ndi ku Srebrenica mu 1995 asilikali a zipewa za buluu adalipo pamene anthu ankaphedwa. Mu 2013 Khonsolo ya Chitetezo idaloleza gulu lapadera lomenya nkhondo kum'mawa kwa Congo yemweyo, ndipo asilikali ake oyamba adachokera ku Malawi, Tanzania ndi South Africa. Kumeneko ndi kumene mu Novembala 2018 msilikali wa ku Malawi, Chancy Chitete, adafera akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala. Kuyambira 1997 United Nations idakhazikitsa mendulo yoperekedwa kwa abale a aliyense wofera pa ntchito yosungitsa mtendere, ndipo mendulo imeneyi ili ndi dzina la munthu amene adafera m'tchire la ku Ndola.