Mbiri ya Ronald Ross, pulofesa yemwe anatulukira njira yomwe malungo amafalira

Sir Ronald Ross anabadwa m'chaka cha 1857 ku Almora m'dziko la India. Anaphunzira zaudokotala pachipatala cha St Bartholomew's mumzinda wa London, ndipo mu 1881 anabwerera ku India kukagwira ntchito.

Panthawiyo anthu ambiri ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Koma pa 20 Ogasiti 1897, ali ku Secunderabad, Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu womwe unayamwa magazi a wodwala. Chaka chotsatira, pakafukufuku wa mbalame ku Calcutta, anatsimikiza kuti udzudzu umapatsira tizilomboti poluma.

Mu 1899 anayamba kuphunzitsa pa Liverpool School of Tropical Medicine ku Mangalande. Mu 1902 anakhala pulofesa ndiponso analandira mphoto ya Nobel.

Pambuyo pake, pogwiritsa ntchito masamu, anaonetsa kuti pothetsa malungo m'dera sipafunika kupha udzudzu wonse. Chofunika n'kuuchepetsa mpaka matendawa alephere kufala.

Ross anamwalira pa 16 Sepitembala 1932 ku London. Chaka chilichonse, pa 20 Ogasiti, maiko amakumbukira ntchito yakeyi.