Johann Sebastian Bach: Mwana Wamasiye Woimba Vayolini

Kuwerenga: 1 Mbiri 25:1-8 ndi Akolose 3:23-24.

Cholinga: Ana adziwe kuti luso la manja ndi mphatso ya Mulungu, ndipo limakula ndi khama.

Poyamba afunseni ana ngati anaonapo kaligo. Auzeni kuti vayolini ndi mbale wake wa kaligo. Kaligo ali ndi nsambo imodzi, vayolini ali ndi zinayi. Woimba amamugoneka paphewa, nakhwekhweza nsambozo ndi uta wa ubweya wa kumchira kwa kavalo.

Johann Sebastian Bach anabadwa mu 1685 mumzinda wa Eisenach ku Germany. Anali chitsirizira mwa ana asanu ndi atatu. Atate ake, a Ambrosius, anali mkulu wa oimba a mumzindamo ndiponso katswiri wa vayolini, kotero mwanayo anakula akumva kulira kwa nsambo m'nyumba. Koma amai ake anamwalira mu 1694, ndipo chaka chisanathe atate akenso anatsikira kuli chete. Asanakwanitse zaka 10 anali wamasiye. Mkulu wake, Johann Christoph, amene anali woimba limba m'tchalitchi cha ku Ohrdruf, anamtenga namphunzitsa.

Bach anali ndi njala ya kumva oimba omposa. Mu 1705, ali woimba limba ku Arnstadt, anapempha masabata anai kuti akamvere nkhalamba ina yotchuka, Dieterich Buxtehude, ku Lübeck. Anayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 400, woposa kuchokera kuno ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe. Anakhalitsako miyezi pafupifupi inai, ndipo atabwerera akulu a mpingo anamdzudzula. Anamdzudzulanso chifukwa chokometsa nyimbo mopitirira mpaka Akhristu kusokonezeka poimba. Musawabisire ana zimenezi: Bach anali munthu wouma mutu. Mu 1717 mfumu ya ku Weimar inamtsekera m'ndende pafupifupi mwezi wathunthu chifukwa choumirira kuti asiye nchito.

Atatuluka anapita ku Köthen kukatsogolera oimba a mfumu Leopold. Mfumuyi inali ya mpingo wotsata chiphunzitso cha John Calvin, monga ife a Presbyterian, ndipo mapemphero ake sanali kufuna nyimbo zokometsera. Bach sananyanyale. Anatembenukira ku zoimbira, nalemba nyimbo zambiri zopanda mau.

Kumeneko anakomana ndi chisoni chachikulu. Mu July 1720 anabwera kuulendo umene anaperekeza mfumu, napeza mkazi wake, Maria Barbara, atamwalira ndi kuikidwa kale. Anamsiyira ana anai. Chaka chomwecho analemba m'buku limodzi, ndi dzanja lake, nyimbo zisanu ndi imodzi za vayolini mmodzi yekha, wopanda womthandiza. Luso lake lili apa: anazikonza kuti woimba agunde nsambo ziwiri kapena zoposa pamodzi, ndi kudumpha pakati pa liu lalikulu ndi laling'ono, kotero womvera amayesa kuti akuimba anthu awiri kapena atatu, wina kutsogolera, ena kuvomera. Chigawo chotchuka koposa, chotchedwa Chaconne, chimatha mphindi pafupifupi 15, ndipo chonsecho chamangidwa pa kachidutswa kamodzi kamene kamabwerezedwa mosinthasintha. Nyimbozi zinasindikizidwa mu 1802, mwini wake atafa kale, ndipo mpaka lero aliyense wofuna kukhala katswiri wa vayolini amayesedwa nazo.

Mu 1721 anakwatira Anna Magdalena, amene anali woimba. Mwa akazi awiriwa Bach anabala ana 20, koma khumi anamwalira ali aang'ono. Anali kudziwa njira ya kumanda.

Mu 1723 anasamukira ku Leipzig, kumene anakhala mphunzitsi wa anyamata pa sukulu ya St Thomas ndi woyang'anira nyimbo m'matchalitchi a mumzindamo kwa zaka 27. Pa zaka zoyamba anali kupeka nyimbo yatsopano pafupifupi Sabata iriyonse, yogwirizana ndi mau owerengedwa tsikulo. Nyimbo zotere zokwana ngati 200 zilipobe. Anapekanso nyimbo yaitali ya masautso a Ambuye monga analembera Mateyu. Kumapeto kwa mapepala ake ambiri anali kulemba zilembo zitatu, S.D.G., zoimira mau a Chilatini opereka ulemerero kwa Mulungu yekha. Baibulo lake lilipobe, ndipo m'mphepete mwa 1 Mbiri 25 muli zolemba za dzanja lake.

Atakalamba maso ake anachita khungu, ndipo anamwalira pa 28 July 1750 ali ndi zaka 65. Kwa nthawi yaitali nyimbo zake zambiri zinangokhala m'mapepala, mpaka mu 1829 pamene mnyamata wina, Felix Mendelssohn, anaimbitsanso nyimbo ya masautso ija ku Berlin.

Kwa aphunzitsi: Nyimbo za mtundu uwu zimafuna khutu lodekha. Ngati mungapeze Chaconne pa foni, imbitsani mphindi ziwiri zokha. Ana atsinzine, ndipo aliyense akweze dzanja akamva liu lachiwiri likulowa. Ena adzaseka poyamba, musawakalipire, bwerezani.

Kumbukiraninso kuti nkhaniyi si ya Azungu okha. M'Sinodi ya Livingstonia, a Mawelera Tembo, a Peter Thole ndi a Charles Chinula anatenga maimbidwe a kwathu napeka nyimbo zimene zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu, ndipo a Donald Fraser anali kulimbikitsa nchito yotere. M'kalasi mwanu muli mwana amene amagogoda benchi inu muli mkati mophunzitsa. Mwina ndi wamasiye. Bach anasanduka Bach chifukwa mkulu wake anamtsegulira khomo. Musanam'bweze mwanayo, yambani mwamva chimene akuimba.

Mafunso: Ndani analera Bach makolo ake atamwalira? Anachita chiani atapeza kuti ku Köthen sakufuna nyimbo zake za m'tchalitchi? Kodi iwe uli ndi luso lanji, ndipo ukulisamala bwanji?