Leó Szilárd

Leó Szilárd (11 Febuluwale 1898 – 30 Meyi 1964) anali katswiri wa sayansi ya fizikisi wobadwira ku Hungary, amene anadzakhala nzika ya America. Amadziwika ndi zikalata ziwiri: imodzi yomwe inachititsa boma la America kuyamba kufufuza za bomba la atomu, ndi ina yomwe inapempha boma lomwelo kuti lisafulumire kuliponya.

Ubwana ndi maphunziro

Szilárd anabadwira mumzinda wa Budapest, m'banja la Chiyuda. Anayamba maphunziro a uinjiniya, koma anawadukiza atatengedwa usilikali pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse. Nkhondo itatha anapita ku Berlin, komwe anasankha fizikisi nkulandira digiri ya udokotala mu 1922. Kumeneko anadziwana ndi Albert Einstein, ndipo awiriwa anatulukira limodzi mtundu wa firiji yopanda zida zoyendayenda mkati mwake.

Ganizo la bomba

Adolf Hitler atatenga boma mu 1933, Szilárd anathawira ku London. Mu Sepitembala chaka chomwecho anaganiza kuti ngati kachidutswa kotchedwa nyutroni kagunda atomu nkutulutsa manyutroni ena awiri, amenewo angagunde maatomu enanso, zinthu nkumapitirira zokha mpaka kutulutsa mphamvu yoopsa. Poopa kuti ganizoli lingagwere m'manja olakwika, mu 1936 anapereka umwini wake kwa akuluakulu a asilikali apanyanja a Britain kuti likhale chinsinsi. Mu 1938 anasamukira ku New York.

Kalata yopita kwa Roosevelt

Akatswiri a ku Germany atagawa atomu ya uraniamu kumapeto kwa 1938, Szilárd anada nkhawa kuti Hitler angakhale woyamba kupeza bomba. Mu Julayi 1939 iye ndi Eugene Wigner anakaonana ndi Einstein ku Long Island. Poyamba ankafuna kuchenjeza dziko la Belgium, chifukwa migodi ikuluikulu ya uraniamu inali ku Congo, yomwe linkailamulira. Kenako anagwirizana zolembera Pulezidenti Franklin Roosevelt.

Szilárd anakonza makalata awiri, yaitali ndi yaifupi, ndipo Einstein anasaina onse. Yaitaliyo, ya pa 2 Ogasiti 1939, inaperekedwa kwa Roosevelt ndi Alexander Sachs pa 11 Okutobala. Pulezidentiyo anakhazikitsa komiti yoona za uraniamu, ndipo ntchitoyo inakula mpaka kukhala Manhattan Project. Pa 2 Disembala 1942, ku Chicago, gulu la Enrico Fermi, momwe munalinso Szilárd, linayatsa riyakitala yoyamba ya nyukiliya.

Pempho la mu 1945

Germany itagonja mu Meyi 1945, Szilárd anaona kuti chifukwa chopangira bombalo chatha. Pa 17 Julayi analemba pempho kwa Pulezidenti Harry Truman loti bomba lisaponyedwe pa Japan dzikolo lisanauzidwe poyera mfundo zogonjera ndi kupatsidwa mpata wozivomera. Asayansi 70 anasaina. Pempholo linadutsira kwa akuluakulu a asilikali ndipo silinafike kwa Truman pa nthawi yake. Hiroshima inaphulitsidwa pa 6 Ogasiti, Nagasaki pa 9 Ogasiti.

Zaka zomaliza

Nkhondo itatha, Szilárd anasiya fizikisi nkuyamba bayoloji. Anakwatira Gertrud Weiss, yemwe anali dokotala, mu 1951. Mu 1962 anayambitsa bungwe la Council for a Livable World lolimbikitsa kuchepetsa zida za nyukiliya. Anamwalira ndi nthenda ya mtima ku La Jolla, California, ali ndi zaka 66.

Zikalata zake lero

Masiginecha ndi makalata a asayansi amene anapanga bomba amafunidwa kwambiri ndi anthu osonkhanitsa zinthu zakale. Kalata yomwe Roosevelt analandira siigulitsidwa. Imasungidwa ku laibulale ya Roosevelt ku Hyde Park, New York. Yaifupi ija Szilárd anaisunga moyo wake wonse, ndipo ndi imene yakhala ikuyenda m'manja mwa anthu olemera. Malcolm Forbes anaigula pa okushoni mu 1986 pa mtengo wa madola 220,000. Mu 2002 Paul Allen, mmodzi mwa oyambitsa Microsoft, anaigula pa madola pafupifupi 2.1 miliyoni. Mu Sepitembala 2024 kampani ya Christie's inaigulitsanso pa madola 3.9 miliyoni.

Mtengo umenewu umabwera makamaka chifukwa cha siginecha ya Einstein, ndipo anthu ambiri amaitchula kuti kalata ya Einstein, ngakhale amene anaikonza ndi kuonetsetsa kuti uthenga wafika kwa pulezidenti anali Szilárd. Mapepala ake ena ambiri ali ku laibulale ya University of California, San Diego, komwe ofufuza amatha kukawawerenga.