EARL WARREN, BWANAMKUBWA WA CALIFORNIA

Earl Warren anabadwa pa 19 March 1891 m'mzinda wa Los Angeles, nakulira ku Bakersfield, kumene atate wace, mlendo wocokera ku Norway, anagwira nchito ya njanji. Ali mnyamata iyenso anagwirako, nathamanga kukaitana anthu oyendetsa sitima, ndipo anaona ndi maso ace umo wanchito wopweteka anali kutayidwa wopanda thandizo. Ataphunzira za malamulo ku Berkeley anakhala woimira Boma pa mirandu m'dera la Alameda kuyambira 1925, ndipo mu 1938 anasankhidwa kukhala mkulu wa za malamulo wa California yense.

Pali cinthu cimodzi cimene sitingathe kucibisa. Mu 1942, Japan atathira nkhondo pa Pearl Harbor, Warren anali mmodzi wa iwo amene anaumiriza kuti anthu a pfuko la Japan acotsedwe m'nyumba zao. Anthu ngati 120,000 anatsekeredwa m'misasa, ndipo ambiri a iwo anali obadwira m'America momwemo, osacimwa kanthu. Atakalamba analemba kuti cikumbumtima cace cinamtsutsa pokumbukira tiana tija. Koma mauwo anaturuka m'buku mu 1977, mwini wace atafa kale.

Anasankhidwa kukhala Bwanamkubwa mu 1942, mu 1946, ndi mu 1950. Pa cisankho caciwirico zipani zonse ziwiri zazikulu zinamfuna iye yekha.

Masiku a nkhondo California anadzala ndi nchito zopanga zombo ndi ndege, ndi ndalama za msonkho zinacuruka m'thumba la Boma. Wina akadazimwaza pomwepo. Koma Warren, monga Yosefe uja m'zaka za dzinthu zambiri, anazisunga, podziwa kuti asilikari adzabwera kudzafuna nchito, ndi kuti alendo obwera ku nchito za nkhondo sadzabwereranso kwao. Ndipo kunaterodi: anthu amene anali pafupifupi 7,000,000 mu 1940 anapitirira 10,000,000 mu 1950. Tsono nkhondo itatha nkhokwe ija inatsegulidwa. Anamanga nyumba zatsopano za masukulu akulu. Zipatala za odwala misala, zimene zinali zothina ndi zonyansa, anazikuza nazikonza. Ndende nazonso anaziika pansi pa ulamuliro umodzi mu 1944, pofuna kuti wandende aphunzire nchito, asangogona m'menemo. Mu 1947 anakangana kolimba ndi eni makampani a mafuta kufikira lamulo linabvomerezedwa lakukweza msonkho wa petulo, ndipo ndalamazo zinamanga miseu yotakata imene dzikolo litchuka nayo. Koma pa cinthu cina analephera: mu 1945 anafuna kuti anchito azisonkha pang'ono pang'ono kuti podwala asasowe colipira, koma bungwe la madokotala linamgonjetsa.

Mu 1948 anaima pamodzi ndi Thomas Dewey kufuna upulezidenti ndi uciwiri wace, koma Truman anawapambana. Mu 1953 Pulezidenti Eisenhower anamuika akhale Woweruza Wamkulu wa United States. Pa 17 May 1954 iye ndi anzace onse asanu ndi atatu anaweruza ndi mau amodzi kuti kulekanitsa ana akuda ndi oyera m'masukulu a Boma nkosemphana ndi malamulo a dziko. Anapumula pa nchito mu 1969, namwalira ku Washington pa 9 July 1974.