Martin wa ku Tours, Msilikali wa Mafumu Awiri

Pa 11 Novembala m'caka ca 397, anthu a mumzinda wa Tours, m'dziko lotchedwa France masiku ano, anatuluka onse kukacingamira maliro. Anadzanso a kumidzi ndi a m'mizinda yozungulira, ndipo Sulpicius Severus, amene analemba mbiri ya womwalirayo, anawerenga amonke pafupifupi 2,000. Amene analikumuika anali msilikali wakale wa Aroma. Akulu a nkhondo a ku Roma polemekezedwa ankatsogoza akaidi omangidwa maunyolo. Koma pa ulendo uwu panamveka masalimo okha ndi kulira kwa anthu amene iye anawamasula. Dzina lace ndiye Martin.

Martin anabadwa m'masiku a Mfumu Constantine ku Savaria, mudzi umene lero uli m'dziko la Hungary, nakulira ku Pavia m'dziko la Italy. Atate wace anali mkulu wa asilikali, wosadziwa Kristu, ndipo dzina limene anapatsa mwanayo licokera kwa Mars, mulungu wa nkhondo wa Aroma. Pokhala wa zaka 10, mnyamatayo anapita yekha ku nyumba ya mapemphero, makolo ace osafuna, napempha kuti amlembe m'kalasi la ofuna ubatizo. Koma lamulo la mfumu linati ana a asilikali alowe nchito ya atate ao. Cotero atakwana zaka 15 anamgwira, namlumbiritsa, nakhala msilikali wa pakavalo.

Ngakhale m'cigono ca asilikali makhalidwe ace anali acilendo. Anali ndi wanchito mmodzi yekha, koma kawirikawiri Martin ndiye ankambvula nsapato ndi kuzipukuta, ndipo ankadya naye pamodzi. Pa malipiro ace ankasungako zokwanira tsiku limodzi. Zotsala zinkapita kwa anjala ndi ausiwa.

Caka cina kunagwa cisanu coopsa, cakuti anthu ambiri anafa nako kuzizira. Pa cipata ca mzinda wa Amiens Martin anakomana ndi wopemphapempha wamarisece, alikunjenjemera, anthu nangompitirira. Martin analibe kanthu kena koma zida zace ndi copfunda cace ca usilikali. Pamenepo anasolola lupanga, nadula copfundaco pakati, napfundika wosaukayo mbali imodzi, mbali inzace nadzipfundika yekha. Ena oona anamseka; ena anacita manyazi, podziwa kuti iwo anali nazo zobvala zambiri. Usiku womwewo Martin analota Ambuye Yesu atabvala cidutswa cija anapatsa wosauka, ndipo anazindikira kuti ciphunzitso ca pa Mateyu 25 ncoona ndithu. Pambuyo pace anabatizidwa, ali wa zaka 18.

Ciyeso cacikulu cinamfikira ku Worms, pafupi ndi mtsinje wa Rhine. Kaisara Julian analikugawira asilikali mphatso za ndalama, pakuti m'mawa mwace anayenera kukomana ndi adani. Martin ataitanidwa anakana mphatsoyo, napempha kuti ammasule, popeza anatumikira Kaisara kufikira tsikulo, ndipo tsopano anafuna kutumikira Kristu yekha, osakhetsanso mwazi. Julian anapsa mtima, namnena kuti ngwamantha. Martin anadzipereka kukaima patsogolo pa gulu lonse m'mawa mwace, wopanda cikopa kapena cisoti. Anamtsekera m'ndende kuti asathawe. Koma kutaca adaniwo anatuma amithenga kudzapempha mtendere, ndipo Martin anamasulidwa.

Atacoka ku usilikali anakakhala wophunzira wa Hilary, bishopu wa ku Poitiers. Anapitanso kwao kukaona makolo ace. Amai wace anakhulupirira, koma atate wace anakhalabe m'cipembedzo cakale. Pambuyo pace anamanga kanyumba ku Ligugé, pafupi ndi Poitiers, ndipo ena anadza kudzakhala naye m'kupemphera ndi m'kudzikana. Apo ndipo panayambira nyumba yoyamba ya amonke m'dziko lija.

M'caka ca 371 Akristu a ku Tours anamfuna akhale bishopu wao. Podziwa kuti adzakana, munthu wina anamnyenga kuti akaone mkazi wace wodwala, ndipo panjira khamu linamzinga ndi kumtengera kumzinda. Mabishopu ena anatsutsa, cifukwa ca zobvala zace zonyozeka ndi tsitsi lace losapesa, koma mau a anthu anapambana. Ulemu sunamsinthe. Anakhala m'kacipinda ka mitengo ku Marmoutier, kunja kwa mzinda, pamodzi ndi ophunzira ngati 80. Anayendera midzi imene Uthenga Wabwino unali usanafikeko, nakhazikitsa mipingo kumeneko.

Kulimba mtima kwa msilikali kunaonekanso ku Trier, pamaso pa Mfumu Magnus Maximus. Mabishopu ena anafuna kuti Priscillian, bishopu wa ku Avila m'dziko la Spain, aphedwe cifukwa ca ciphunzitso cace. Martin sanabvomerezane naco ciphunzitsoco, koma anadandaulira mfumu kuti mlandu wa Mpingo usaweruzidwe ndi lupanga. Mfumu inalonjeza, koma Martin atacoka, Priscillian anadulidwa mutu. Ndipo Martin anabwereranso ku Trier kukapempherera otsatira ace, kuti nawonso angaphedwe.

Atakalamba anamva kuti atsogoleri a mpingo wa ku Candes alikukangana. Ngakhale anadziwa kuti masiku ace atha, anapita kukawayanjanitsa. Mtendere utabwerera, malungo anamgwira, ndipo anamwalira komweko pa 8 Novembala 397, atagona pa ciguduli ndi phulusa. Pomwepo panabuka mkangano wina: a ku Poitiers anati mtembo ngwao, pakuti anali mmonke wao, a ku Tours anati ngwao, pakuti anali mbusa wao. Gregory wa ku Tours analemba kuti usiku a ku Poitiers atagwidwa ndi tulo, a ku Tours anatulutsira mtembowo pa zenera, nauika m'bwato, napalasa m'mtsinje wa Loire kufikira kwao. Akale anati kupatsa nkuika. Iye amene anagawa copfunda cimodzi anaperekezedwa kumanda ndi khamu losawerengeka.

Cidutswa ca copfunda cija cinasungidwa ndi mafumu a Afranki, ndipo ncodabwitsa kuti ankapita naco kunkhondo. Ansembe ocisunga anatchedwa ndi dzina locokera ku mau a Cilatini onena copfunda, ndipo kumeneko kunacokera mau a Cingerezi akuti chaplain, ndiye mbusa wa asilikali. Martin Luther analandira dzina lace cifukwa anabatizidwa pa 11 Novembala 1483. Ndiponso pa 11 Novembala 1918 mfuti za Nkhondo Yaikulu zinaleka kulira ku Ulaya. M'dziko lino mbiriyo inapeza von Lettow-Vorbeck, mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, pa mtsinje wa Chambeshi patapita masiku atatu, ndipo anagonja ku Abercorn, ndiko ku Mbala, pa 25 Novembala. Cotero tsiku la maliro a Martin lakhalanso tsiku lokumbukira asilikali ndi amtengatenga amene sanabwerere kwao.

Mpingo sunyoza msilikali, pakuti Malembo ayamikira kenturiyo wa ku Kapernao ndi Korneliyo wa ku Kaisareya. Nkoyenera kuti msilikali wakale akamwalira lipenga liombedwe ndi mbendera iyalidwe pa bokosi lace. Koma lipenga lilira kanthawi, ndipo mbendera ipindidwa tsiku lomwelo. Mbiri ya Martin iphunzitsa Akristu kuti ulemu woona uyamba munthu akali ndi moyo: nkhalamba imene inatumikira dziko isagone ndi njala, isasowe copfunda m'mwezi wa Juni, ndipo maliro atatha, mkazi wace wamasiye ndi ana ace asaiwalike pa cipata.